A Kadzuwa, nkhoswe ya hatchi ya eni

Mwezi uno chatha chaka chimwalirireni a Kadzuwa. Kutchalitchi kwathu kuno kunja ku Rotherham dzina lawo linatchulidwa pa zolengeza, pakati pa msonkhano wa amayi ndi nkhani ya hita yotenthetsera m'tchalitchimo yomwe yawonongeka. Anthu anang'ung'udza kuti mzimu wawo uuse mumtendere, basi kwatha, tiyeni nyimbo. Ine zinandiwawa. Munthu ngati amene uja sangathere pa zolengeza, ndiye ndati ndinene zomwe ndikudziwa, ngakhale kuti mwa anthu onse amene ankakangana nawo kwambiri ndinali ine.

Anali bambo wamtali, wowonda, wa ku Dedza, woyenda mowerama pang'ono ngati akufunafuna chinthu pansi. Moni wawo unali wautali. Ukakumana nawo pa siteji ya basi mvula ikugwa, ankafunsa za ana mmodzimmodzi, za amuna ako, za kumudzi, basi n'kukudutsa uli pomwepo. Sankadya ataimirira, sankalandira kanthu ndi dzanja limodzi. Ndipo ankanunkha khola. Ine ndine nesi, mphuno yangayi yakumana ndi zambiri, koma fungo la hatchi m'nyumba ya Mulungu linkandikwana. Tsiku lina ndinawauza poyera kuti bambo, sopo kuno si wodula ayi. Sanakwiye. Anangondifunsa kuti kodi Ambuye atabadwa anagonekedwa pati, nanga fungo loyamba kulimva linali la chiyani. Ndinakhala mwezi wathunthu osawapatsa tiyi.

Ankagwira ntchito kunja kwa tauni, kupitirira pomwe basi imathera, pa khola la mayi wina wachizungu dzina lake Keti. Mahatchi anawadziwira pa esiteti ya fodya ku Kasungu ali mnyamata. Atafika kuno anadikira mapepala okhalira m'dziko muno zaka zambiri, akudya za chifundo, ndipo atawapeza sanapite kukanyamula katundu ku weyahausi ngati anzawo. Anapita kukagogoda pa khola. Ife tinkawaseka, sindibisa. Munthu wa imvi kumawola ndowe za hatchi! Iwo ankati ife a keya, osamalira okalamba, ndi a chipatala timasambitsa agogo a eni, iwo amasambitsa hatchi ya eni, tsono akuseka mnzake ndani? Ankakonda kunena kuti tonse kuno tinabwera kudzalera za eni.

A Kadzuwa ankamutcha Keti kuti Nambewe, chifukwa iwo anali a Mbewe. Mzunguyo anazolowera mpaka ankavomera. Ndi yemweyo amene anawatseka maso, koma zimenezo ndifika.

Masewera a Keti ife sitinkawadziwa. A Kadzuwa ndiwo anatiphunzitsa, tifune tisafune. Mpikisano wake uli ndi magawo atatu, hatchi yomweyo, wokwera yemweyo. Poyamba hatchi imayenda mwadongosolo m'bwalo la mchenga ngati msilikali pa perete. Kenako imathamanga m'tchire, kudumpha zipika, maenje ndi madzi, ndipo apa ndi pomwe anthu amathyoka makosi. Pomaliza imadumpha mitengo yosanjikiza m'bwalo, yotopa kale. Chomwe chinatidabwitsa n'chakuti wokwera nthawi zambiri si mwini hatchi. Mwini ndi wina, wachuma, amene amabwera pa mpikisano atavala chipewa chabwino. Wokwera amailandira ili yaing'ono, yamantha, yoluma. Amaiphunzitsa zaka ndi zaka, kugwa nayo, kudzuka nayo. Ikadzatchuka, mwini akhoza kuitenga tsiku lililonse n'kuipereka kwa wokwera wina amene ali ndi mendulo zambiri, makamaka ukalakwitsa pamaso pa anthu osankha timu ya dziko.

Hatchi yaikulu ya pa khola la Keti inali ndi dzina lalitali la m'mapepala lomwe palibe ankalitha. A Kadzuwa ankangoti Dzungu, chifukwa cha mtundu wake. Keti anaiyamba isanadziwe chishalo. Inamuthyolapo phewa, inamuchotsapo dzino. Pofika chaka chimene ndikunenachi inali imodzi mwa mahatchi omwe akuluakulu a masewerawa ankawayang'ana. Ndiye kunabwera mpikisano waukulu wa nyengo yoyoyoka masamba, womwe osankha timu ankaonerako. Gawo loyamba anachita bwino. M'tchire, pofika pa madzi, Keti anafulumira pang'ono, Dzungu anakayika, mwendo n'kugunda chipika. Keti anagwera m'madzi, khamu lonse likuona. Pa masewerawa ukagwa watuluka. Sanavulale, koma sabata isanathe mwini hatchi anaimba foni. Anati lole ibwera kumapeto kwa mwezi, Dzungu akupita kum'mwera kwa wokwera wina wotchuka.

Loweruka lake m'mawa ndinamva kugogoda. Ndinali nditangochoka ku shifiti, maso ali psuu. Potsegula, a Kadzuwa ali mu suti yakuda, tayi, nsapato zopolisha, katoni m'khwapa. Katoniyo inkagwedezeka.

"Mayi a Chisomo, mwadzuka bwanji? Ana adzuka bwanji?"

"Tadzuka. Mwanyamula chiyani?"

"Nkhuku."

"Yamoyo?"

"Nanga yakufa n'kupepesera?"

Anati akupita ku Bradford kwa mwini hatchi, ndipo nkhoswe siyenda yokha. Ine ndili ndi galimoto, ndilinso ndi Chingelezi cha kusukulu. Chawo chinali chokwanira kugulira buledi ndi kukalipira hatchi, koma anati nkhani yolemera munthu amainena m'chinenero chomwe amalirira.

"Bambo, inu mwapenga? Uwu si ukwati. Keti sanakwatiwe ndi hatchi. Kuno kuli malamulo, katundu ndi wa mwini wake. Atiitanira apolisi ndi nkhuku yanuyi!"

"Anthu awiri akhala pamodzi zaka zonsezi, alera chinthu chimodzi. Lero wina akuthamangitsidwa pa foni. Inu mukuti si nkhani ya ankhoswe?"

"Keti akudziwa?"

"Akanadziwa akanandiletsa."

Ndinatukwana chamumtima, koma ndinatenga makiyi. Njira yonse nkhuku inkalira kumbuyo, ine ndikulalata kutsogolo, iwo manja ali pa mawondo.

Mwini hatchi ndinkamuyembekezera kukhala chimunthu chamwano. Tinapeza nkhalamba yoyendera ndodo, yopuma movutikira, m'nyumba yaikulu yozizira. Chuma chake anachipeza pa fakitale ya makapeti. Mzunguyo anawazindikira a Kadzuwa, anatilowetsa, anatipatsa mipando. A Kadzuwa anakana mpando. Anakhala pansi pa kapeti, suti ili choncho, n'kuika katoni patsogolo pawo, n'kuwomba m'manja pang'onopang'ono. Mzunguyo anandiyang'ana ngati ndimupulumutse. Ine manyazi anandigwira mpaka m'makutu, koma nanga n'kutani, ndinatsika nane.

Anayamba ndi kupepesa. Anati mwana wawo Nambewe walakwa, wagwetsa dzina la hatchi pagulu, iwo sakukana, nkhuku ndi imeneyo. Koma mwana akaswa mbale sathamangitsidwa pakhomo. Anapempha kuti amupatse chaka china.

Ndinamasulira. Nkhalambayo inayankha mofatsa. Inati hatchiyo inaigula ndi malemu mkazi wake, ndipo analonjezana kuti adzaiona itavala mbendera ya dziko. Hatchi yatsala ndi zaka zochepa zoti ikhale pamwamba, iyonso nkhalambayo madokotala aiuza za mtima wake. Osankha timu sangamutenge Keti chaka chamawa, koma wokwera winayo amutenga. "Keti ndimamukonda," inatero, "koma chaka chimene mukupemphacho ine ndilibe. Ndipo hatchi ndi yanga."

"Ndi yanu," anatero a Kadzuwa. "Zimenezo sitinabwere kudzatsutsa."

Ndinaganiza kuti tatha, ndinayamba kufunafuna chikwama. Koma anandigwira mkono kuti ndikhale. Zomwe ananena kenako sindinazimvepo, ngakhale tinali titapemphera limodzi zaka zambiri. Ndinazimva koyamba zikutuluka pakamwa panga m'Chingelezi.

Anati iwo anakwatira chikamwini, kwawo kwa mkazi. Anamanga nyumba pa malo a eni, analima munda wa eni, anabereka ana atatu. Mkazi wawo atamwalira, maliro atatha, anthu atameta, akuchikazi anawasudzula monga mwa mwambo. Ana anatsala ndi amalume awo, chifukwa kwathu ana ndi a mbumba ya mayi. Wamng'ono anali asanayambe sukulu. Anachoka ndi khasu, mphasa ndi bulangete. Koma, anatero, sanachoke ngati galu. Eni mbumba anakhala pansi, mudzi ukuona. Anatchula nyumba yomwe anamanga, anatchula matenda omwe anadwazika, anati mkamwini uyu watisungira mlongo wathu, alibe mlandu, apite ndi mtendere. Mawu amenewo ndiwo anawayendetsa zaka zonsezi osapenga.

"Tsono ngati mwatsimikiza kutenga mwana wanu, mutengeni. Koma musatume lole ndi dalaivala. Mubwere nokha, muime pa khola, mumuuze Nambewe zimene wakuchitirani. Mumusudzule ngati munthu."

Liwu loti kusudzula linandivuta. Ndinazungulira nalo mpaka nkhalamba inagwedeza mutu kuti yamva. Inafunsa kuti nkhukuyo itani nayo. A Kadzuwa anati ikailandira ndiye kuti nkhani yamveka, kudya kapena kuweta zili kwa iyo. Inailandira. Tikutuluka inawauza kuti ngati akufuna, apite limodzi ndi Dzungu kum'mwera, ikawalankhulira, kumeneko kuli nyumba yabwino ndi ntchito yopepuka. Ndinawatsina kuti avomere. Ndinkadziwa mmene ankaikondera hatchi ija, ankaiimbira nyimbo za kwaya poipesa. Anayankha okha m'Chingelezi chawo chothyokathyoka kuti Dzungu ali ndi mwini, Nambewe alibe.

Keti atamva anakwiya koopsa. Anati a Kadzuwa amuchititsa manyazi, apita kukamupemphera chifundo ngati wamasiye, anawatuma ndani? Anakhala masiku osawalankhula, ntchito ankawauza polozera ndi chala. Iwo ankangogwira. Ndinawauza kuti mwaona, mwayambitsa moto pa nkhani ya azungu. Anati mkwiyo wa mwana sutha bambo.

Tsiku la lole ndinapita, chifukwa anandiuza kuti nkhoswe imaona mapeto. Kunali matope, kamvula kowaza. Sindinkakhulupirira kuti nkhalamba ija ibwera, koma inabwera, m'galimoto yotsatira lole. Inatsika ndi ndodo yake, nsapato zabwino zikumira. Keti anali atadzitsekera m'kachipinda kosungira chakudya cha mahatchi. A Kadzuwa anapita kukaima pakhomo pake. Sindinamve zonse, ndinangomva akuti mwana amaperekezedwa ndi amene anamulera, apo ayi amachoka akuyang'ana m'mbuyo. Patapita nthawi chitseko chinatseguka.

Nkhalamba inavula chipewa mvula ili choncho. Sinalankhule bwino, inkakakamira. Koma inatchula tsiku lomwe inabweretsa kahatchi kopenga komwe okwera awiri anali atakakana. Inatchula phewa, inatchula dzino. Inati chilichonse chomwe hatchiyi idzapambane, chinapangidwira pa khola lino. Keti sanagwire dzanja lomwe anapatsidwa. Anangotenga chingwe kwa a Kadzuwa, n'kukwera ndi Dzungu m'lole, n'kumumangirira yekha. Anakhalitsamo. Potsika nkhope inali youma, ndipo anapita molunjika kukatenga wilibala, chifukwa mahatchi ena anali asanadye.

Chaka chotsatira Dzungu anavaladi mbendera. Tinaonera pa TV kunyumba kwanga, a Kadzuwa ataimirira chifukwa anakana kukhala. Hatchi inadutsa pa madzi ngati palibe kanthu. Owulutsa anatamanda wokwera watsopanoyo mpaka kukhuta, dzina la Keti silinamveke ngakhale kamodzi. Ine ndinazimitsa TV ndi mkwiyo. Iwo anangoti mwendo wakumanzere akuuponda bwino tsopano, n'kupempha madzi akumwa.

Nkhalamba ija itamwalira, ana ake anagulitsa Dzungu kunja kwa dziko, wokwera wotchuka uja n'kutsala manja lende. Nditamva ndinaseka, ndinati zamugwera, aone mmene zimawawira. A Kadzuwa anandidzudzula pamaso pa ana anga, chinthu chomwe sanachitepo. Anati munthu ameneyonso ankadzuka m'chisanu kukaipesa hatchi ija, nayenso ndi mkamwini, ndipo mwina iye palibe amene anamuvulira chipewa. Tinakangana mpaka anachoka osamaliza chakudya. Mpaka lero ndimati ndinali ndi chifukwa chosekera, koma sindinasekenso.

Matenda anawayamba ndi chifuwa chosatha. Pomwe ankavomera kupita kuchipatala, zinali zitafalikira. Ife a mpingo tinkapita, inde, koma mwa apo ndi apo, aliyense ndi mashifiti ake. Keti anawachotsa m'kachipinda kawo ka lendi n'kuwaika m'nyumba mwake, chipinda chapansi choyang'ana ku khola. Anaphunzira kuphika phala. Ankawasambitsa, iwo akukana kuti mwana wamkazi saona msana wa bambo ake, iye n'kumati atseke maso ndiwo. Anasiya mipikisano ingapo nyengo imeneyo, ndipo mwini hatchi wina anamulanda hatchi chifukwa cha zimenezo. Sanawauze. Anamwalira m'mawa wina kukuwala bwino, Keti atawagwira dzanja.

Tsiku lomwelo Keti anandiuza kuti walankhula kale ndi abusa a tchalitchi chaching'ono cha pafupi ndi khola, malo alipo, pomwe mahatchi amaonekera. Koma foni yochokera ku Dedza inali italira kale. Mphwawo wa a Kadzuwa, mwana wa mlongo wawo, anali atanena mwachidule kuti thupi libwere, malume agona pafupi ndi mayi awo.

"Anali kuti onsewo?" anatero Keti. "Pamene ankasanza magazi anali kuti? Ndani wa iwo akudziwa mankhwala omwe ankamwa?"

"Palibe," ndinatero.

"Ndiye?"

"Ndiye ndi a eni, Keti."

Sindinafunike kufotokoza, anali atazidziwa kale ndi thupi lake. Anakhala pansi pa sitepe n'kubisa nkhope.

Ndinaimbanso ku Dedza. Ndinamuuza mphwawoyo kuti thupi libwera, a Malawi kuno tisonkha monga timachitira, koma pali munthu woti asudzulidwe kaye. Anaseka. Anati mzungu ameneyo si bwana wawo chabe, asudzulidwa chiyani, anali mkazi wawo kodi? Abale inu, ndinayaka. Zomwe ndinamuuza sindingazibwereze, ndine mayi wa mvano. Ndinamaliza ndi kuti ngati sakhala pansi ndi akuluakulu, abwere yekha adzanyamule malume akewo pamutu.

Anakhaladi pansi ndi akuluakulu. Tinalumikizana pa foni ya kanema, ife m'khitchini mwa Keti, iwo pa khonde, mitu yambiri ikukankhana kuti ione. Amene analankhula anali mlongo wawo wa a Kadzuwa, mayi wokalamba wa maso ofanana ndi awo. Anafunsa kaye ine zonse zomwe zinachitika, ndinanena, osasiyapo. Kenako anayang'ana Keti.

"Mwanawe, ife sitikukudziwa, koma tamva. Watisungira mlongo wathu. Wamudyetsa, wamusambitsa, wamutseka maso, ntchito yomwe inali yathu. Ulibe mlandu ndi ife. Tikumutenga chifukwa ndi wathu, osati chifukwa walephera. Akuti ankakutcha ndani?"

Funso lomalizalo sindinalimasulire n'komwe. Keti anayankha yekha.

"Nambewe."

Pa khonde paja panabuka maliro. Mayi uja analira akutchula dzinalo, amayi ena n'kulandira, ndipo Keti, amene sanalire pa Dzungu, analira mpaka ndinachita kumugwira. Tsiku lonyamuka, galimoto ya maliro inadzera pa khola, iye n'kuyenda pambali pake mpaka pa geti.

Sabata yatha ndinapitako, koyamba chichokereni bokosi. Palibe chasintha kwenikweni, matope omwewo, wilibala yomweyo. Ntchito ya a Kadzuwa anagawana atsikana awiri obwera masana. M'khola lomwe munkakhala Dzungu muli hatchi ina yaing'ono, yakuda, yosakhazikika, maso ali mwazumwazu. Ndinamupeza Keti akuipesa. Ndinafunsa ngati imeneyi tsopano ndi yake. Anapukusa mutu, n'kuyankha m'Chichewa chopotoka kuti ndi ya eni.

Ndinaima pakhomo kumuyang'ana. Anandiuza kuti kale ankapesa awiri, iye mbali ino, a Kadzuwa mbali inayo, akucheza pamwamba pa msana wa hatchi osaonana nkhope. Anapesa khosi, nthiti, mpaka mwendo wakumbuyo. Atamaliza anaima kaye, burashi ili m'manja, ngati akudikira kuti wina anene kuti kunonso kwatha. Mbali inayo kunali khoma ndi udzu wouma basi, ndi mpata wokwana munthu mmodzi wowonda. Kenako anazungulira kumbuyo kwa hatchi n'kuyamba mbali inayo yekha.